Achimwene, musathamangire kulipira seva ya Minecraft

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira ku Mzuzu. Akuti iye ndi anzake akufuna kumasewera Minecraft m'dziko lawolawo, ena pa laputopu, ena pa foni, ndiye akufunsa kuti ayambire pati komanso alipire kampani iti yowasungira seva. Funso la kulipirali ndi limene landikhudza. Achimwene, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndatulutsa za kukhosi.

Chimandiwawa n'chakuti mwana wa sukulu, amene ya bandulo yomwe amachita kupempha kwa makolo, wakhulupirira kale kuti sangasewere ndi anzake popanda kutulutsa madola mwezi ndi mwezi. Akukuphunzitsani zimenezi ndi mavidiyo a pa YouTube opangidwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo ena mwa eni ake amadya nawo ndalama za makampani omwe akuwatsatsawo. Kwawoko intaneti imalowa m'nyumba pa waya, magetsi sazimazima, khadi lolipirira lili m'thumba. Malangizo awo ndi oona kwa iwo, koma sanawakonzere inu.

Seva si chinthu chozizwitsa ayi. Ndi pulogalamu chabe imene imasunga dziko la masewerawo n'kumauza aliyense wolowa kuti mnzake waima pati ndipo wagumula chiyani. Mojang, kampani ya ku Stockholm yomwe inapanga Minecraft, imene Microsoft inaigula mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni, imapereka pulogalamuyi kwaulere. Ndi fayilo imodzi yotchedwa server.jar, ndipo kompyuta iliyonse yabwinoko ikhoza kuiyendetsa.

Ine yanga yoyamba ndinaikhazikitsa chifukwa cha ana a mlongo wanga omwe anabwera kwathu pa holide ya Disembala. Ndinali ndi laputopu yakale, batire lake linafa kalekale, ndipo inkatentha moti tinkaisanjika pa zitsekerero za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Tonse tinkalumikizana pa rauta imodzi ya pabalaza. Data sinkatha kwenikweni, chifukwa masewerawo ankangoyenda pakati pa makompyuta a m'nyumba momwemo. Intaneti inkafunika pang'ono polowa, potsimikizira akaunti ya munthu. Posakhalitsa ana a aneba anamva, pabalaza panadzaza, ena akudikira nthawi yawo atakhala pamkeka.

Wamng'ono pa onsewo, mtsikana wa sitandade 4, sankafuna zomenyana ndi zilombo. Iye anamanga mudzi wa agogo ake. Anaika nyumba ya khonde lozungulira, nkhokwe pambali, khola la nkhuku kuseri, mpaka kanjira kopita kuchitsime. Ankandiitana kuti, "Amalume, taonani, apa ndi pamene agogo amakhala madzulo." Madzulo aliwonse ankawonjezerapo kanthu.

Holide itatha, wamkulu wawo anapempha kuti atenge dzikolo pa fulashi akapitirize kwawo. Anakaliika pa intaneti, n'kutumiza adiresi yake m'gulu lina la WhatsApp la anthu ambirimbiri. Sanaike malire a olowa. Tsiku lina m'mawa ndinalandira foni, mtsikana uja akulira mosatonthozeka. Anthu osadziwika analowa usiku, n'kuthira chiphalaphala cha moto pamudzi wonse, zotsala n'kuziphulitsa ndi TNT. Kwa munthu wamkulu zingaoneke ngati zachibwana, koma mwanayo anataya ntchito ya manja ake ya mwezi wathunthu. Chinatipulumutsa n'chakuti foda ya world, momwe mumasungidwa dziko la masewerawo, inali idakalipo pa laputopu yakale ija, ndiye tinabwezeretsa mudziwo monga unalili pa tsiku limene anachoka kwathu.

Kuyambira pamenepo pa nkhani iyi sindinyengerera munthu. Seva yopanda whitelist, kutanthauza mndandanda wa anthu okhawo ololedwa kulowa, siyenera kuyatsidwa ngakhale kwa ola limodzi. Musadzinamize kuti adiresi yanu ikudziwika ndi anzanu okha. Pali anthu amene ali ndi mapulogalamu osakasaka intaneti yonse kufuna maseva otsegula pa port 25565, nambala ya khomo lolowera pa seva yomwe Minecraft ya Java (ya pa kompyuta) imagwiritsa ntchito ngati simunasinthe. Sakudana nanu, sakukudziwani n'komwe, amangosangalala ndi kuwononga. Ndipo amene akuti akufuna seva yaikulu yoti aliyense azilowamo asanaphunzire kusamala anthu asanu, ndimamuuza mosapita m'mbali kuti sanakonzeke. Kuyatsa makina n'kosavuta. Chovuta ndi kuweruza mlandu wa amene waba dayamondi m'bokosi la mnzake, ndi kulimba mtima kuchotsa mnzanu weniweni akamazunza ena.

Palinso nkhani ina imene ambiri amaizemba. Minecraft ndi yogula, ndipo kupeza madola kuno tonse tikudziwa mmene kulili. Choncho anyamata ambiri amasewera makope osagula, ndiye kuti alowe pa seva, mwini wake amasintha online-mode kukhala false. Sindikuweruza aliyense, umphawi ndikuudziwa. Koma dziwani chimene mwachita mukatero: seva yasiya kufunsa kuti wolowayo ndi yemweyodi kapena ayi. Aliyense akhoza kulemba dzina lanu, n'kulowa ndi mphamvu zanu zonse za mwini seva, ndipo whitelist ija yasanduka yopanda ntchito poti imangoyang'ana dzina. Ngati gulu lanu silingathe kugula, pali njira yolemekezeka. Luanti, yomwe kale inkatchedwa Minetest mpaka 2024, ndi yaulere, imayenda pa Android ndi pa makompyuta ofooka, ndipo mukaikamo masewera otchedwa VoxeLibre imafanana kwambiri ndi Minecraft. Seva yake mumaiyatsa m'kati mwa pulogalamu momwemo. Ine ndimaona kuti masukulu athu akanayenera kuidziwa kale.

Mwina mufunsa za Aternos, kampani yosungira anthu maseva a Minecraft, poti dzinali limatchuka. Ndi yaulere ndithu, ndipo poyesera chabe si yoipa. Koma ndi ya ku Germany, nthawi zina mumadikira pamzere kuti seva iyake, ndipo imadzizimitsa yokha pakakhala palibe amene akusewera. Vuto lalikulu ndi mtunda. Dziko lathu silinachite malire ndi nyanja yamchere, choncho uthenga wochoka pa foni yanu umadutsa pa waya kukafika kugombe ku Tanzania kapena ku Mozambique, kenako pansi pa nyanja mpaka ku Ulaya, n'kubwereranso. Mumamenya chilombo, nkhonya n'kufika mochedwa, inu mutafa kale. N'chifukwa chake tsiku limene mudzafunedi kubwereka seva, mudzayang'ane ya ku South Africa. Microsoft inatsegula malo ake osungira maseva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Oracle ku Johannesburg mu 2022. Kumeneko ndi pafupi. Koma tsikulo silinafike.

Chimene chidzakusowetseni tulo

Mavidiyo aja onse adzakuuzani kuti mutsegule port pa rauta kuti anzanu akutali alowe. Mudzatsatira chilichonse, koma osatheka, mpaka kuyamba kudziona ngati mbuli. Vuto si inu. Pa intaneti ya pa foni ndi ya MiFi, kawirikawiri makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi yoonekera kunja, njira yotchedwa CGNAT. Zili ngati alendi ambiri a mumpanda umodzi okhala ndi geti limodzi koma zitseko zopanda manambala: mlendo akafika pageti sadziwa kuti agogode pati. Lowani mu rauta yanu muone adiresi ya WAN, yomwe rautayo yapatsidwa ndi kampani ya intaneti. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, musavutikenso ndi port forwarding, kutsegula port kuja. Gwiritsani ntchito Tailscale kapena ZeroTier, zomwe zimalumikiza makina anu ndi a anzanu ngati muli m'nyumba imodzi. Ine ndimakonda zimenezi kuposa playit.gg, yomwe imapatsa seva yanu adiresi yoonekera pa intaneti, chifukwa ndi ziwirizi seva siionekera kwa anthu akunja.

Tsono poyambira penipeni ndi apa. Sankhani laputopu imodzi yokhala ndi RAM yosachepera 8 GB komanso batire lamoyo, kuti magetsi akazima mupeze mpata wolemba stop, lamulo lozimitsira seva, dziko lisanawonongeke. Ikani Java, pulogalamu yoyendetsera seva; kuyambira Minecraft ya mtundu wa 1.20.5 pamafunika Java 21 kapena yoposa apo. Poti ena mwa inu ali pa foni, tengani Paper, mtundu wina wa pulogalamu ya seva, m'malo mwa server.jar wamba, muikemo Geyser ndi Floodgate, timapulogalamu tolola a pa foni kulowa, chifukwa mafoni amasewera Minecraft ya Bedrock yomwe imalowera pa port 19132 ndipo payokha simvana ndi ya Java. Yatsani ndi java -Xmx2G -jar kenako dzina la fayilo yanu. Ulendo woyamba idzazima yokha, musadabwe, tsegulani eula.txt, musinthe false kukhala true. Mu fayilo ya server.properties ikani white-list=true, online-mode muisiye pa true, ndipo view-distance, kutalika kwa pamene wosewera amaona, muitsitse kufika pa 6 ngati laputopu ikulemedwa. Mphamvu za op, zolamulira seva, zikhale ndi inu nokha. Loweruka loyamba sonkhanani m'chipinda chimodzi pa rauta imodzi, muone kuti aliyense walowa, za akutali zibwere pambuyo. Mukamaliza kusewera, koperani mafoda onse oyamba ndi world pa fulashi, tsiku lililonse, osadumphitsa.

Mukakakamira pa Geyser kapena pa Tailscale, ndilembereninso, achimwene. Mudzandiuze mtundu wa rauta yanu, manambala awiri oyamba a adiresi ya WAN, ndi kuti pa gulu lanu a pa foni ndi angati.