Kuwerenga timbalame tomira ta pa damu la Chitete

Aphunzitsi, mwafunsa kuti ana anu a kalabu ya zachilengedwe angadziwe bwanji ngati timbalame tomira m'madzi ta pa damu la Chitete ku Kasungu tikuswana bwino, poti chaka chatha munkaona tiana tambiri koma chaka chino mukungoona tikuluakulu tokhatokha. Ena akuuzani kale kuti mubwereke bwato mukawerenge zisa ndi mazira. Ine ndikuti ayi, bwatolo lisiyeni kaye.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, kambalameko ndi little grebe, dzina lake la sayansi Tachybaptus ruficollis. Ndi kakang'ono, sikafika masentimita 30, mchira ulibe wooneka, kumbuyo kwake kumangokhala ngwee nthenga zofewa. Pa nyengo yoswana khosi ndi masaya zimafiira moderako, ndipo pamene payambira mlomo pamaoneka kadontho kachikasu kotuwirako. Ana a sukulu asakasokoneze ndi mphipi. Mphipi ndi yakuda, khosi lalitali, ndipo ikatuluka m'madzi imatera pa chitsa n'kutambasula mapiko kuti aume. Kathu aka simudzakaona katatera mu mtengo. Miyendo yake ili kumbuyo kwenikweni kwa thupi, moti pamtunda kamayenda movutikira. Moyo wake wonse ndi pamadzi.

Tsono nkhani ya chisa. Chisa chake ndi mulu wa udzu wam'madzi wonyowa, woyandama, womangiriridwa ku bango kapena ku nthambi yomira. Muli mazira atatu, anayi kapena asanu kawirikawiri, oyera akangoikiridwa koma amasanduka akhaki chifukwa cha udzu wowolawo. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 20. Kakamva mgugu wa munthu kamakokera udzu pamwamba pa mazira msangamsanga, ngati mayi wovundikira nsima bambo akachedwa kumunda, kenako phava m'madzi. Ndiye mukafika ndi bwato mudzangoona zinyalala, mudzadutsa zisa zambiri osazizindikira. Zomwe mudzazivundukule mudzakhala mwazionetsa kwa khwangwala ndi ng'anzi, ndipo njira yomwe bwato latsegula m'bangomo iwonso adzadutsa momwemo. Mukhala mukuchepetsa tomwe mwabwera kudzawerengato. Osaiwalanso likodzo: ana a sukulu asamapondeponde m'madzi odekha.

Zowerenga zenizeni ndi ziwiri, mabanja ndi tiana tomwe takula. Zonse zimaoneka muli pamtunda.

Sankhani malo atatu kapena anayi okwererapo m'mbali mwa damu, oti mukaima pamenepo mukuona madzi ndi mphepete mwa bango, ndipo malo oonedwa kuchokera pena asalowerane ndi oonedwa kuchokera penapo. Apatseni mayina oti mwana wa chaka chamawa adzawapeze, monga pa mwala, pa mkuyu, pa khoma la damu. Malo amenewa asasinthe. Pitani mmamawa dzuwa likungotuluka, mphepo isanayambe, chifukwa madzi akachita mafunde kambalame kakang'ono chonchi sikaoneka. Kamodzi pa masabata awiri alionse n'kokwanira. Choonera patali chimodzi chikwanira gulu lonse, ana azisinthana, wina akuyang'ana wina akulemba m'kope.

Vuto la timbalameti ndi lakuti nthawi iliyonse tina timakhala pansi pa madzi. Kakamira sikachedwa, kawirikawiri theka la mphindi silikwana, koma kamakatulukira kwina, ndiye mwana wachangu amakawerenga kawiri. Yendetsani maso pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja osabwerera, lembani nambala. Pumani pang'ono, bwerezani, mpaka katatu. Nambala yaikulu pa zitatuzo ndiyo ya tsikulo; osaphatikiza zitatu zonse. Makutunso agwire ntchito. Banja likakhala ndi dera lake limalira pamodzi, kulira kokuwa kothamanga, kwi-ki-ki-ki-ki, ndipo mukamva kuliraku pa bango lomwelo maulendo awiri otsatizana, lembani kuti pali banja ngakhale simunalione. Tiwiri toyendera limodzi, kamodzi konyamula udzu kukamwa, kapena kothamangitsa anzake pamalo amodzimodzi, zonsezi ndi zizindikiro za banja. Tomwe tangounjikana pakati pa damu, makosi otuwa, si toswana, tilembeni padera.

Tiana ndiye pamafunika kudekha, ndipo ndikuganiza kuti mwina tina munangotiphonya. Tikangoswa timakhala ndi mizeremizere kumutu ndi m'khosi, ndipo timakwera pamsana pa kholo n'kubisala m'mapiko. Mukaona kakakulu kakusambira msana utatukuka, mapiko atakwezeka pang'ono, musachotsepo maso. Posachedwa mnzake atulukira ndi kachilombo kapena mbululu kukamwa, ndiye muona timitu tikusuzumira m'nthengamo. Mpamene mungatiwerenge. Tigaweni patatu: tating'onoting'ono tokwera pamsana, tofika theka la kholo, ndi tofanana msinkhu ndi kholo koma nkhope ikadali ya mizere. Gulu lomalizali ndi lomwe likuuzeni zoona, poti tiana tambiri timathera m'masabata oyambirira, mlamba waukulu kapena ng'anzi zitatola. Samalaninso apa: makolo nthawi zina amagawana ana, wina kutenga awiri wina mmodzi n'kumadyera kosiyana, ndiye musalembe mabanja awiri pomwe pali limodzi. Nyengo ikatha gawani nambala ya tiana takula ndi nambala ya mabanja. Tiyerekeze kuti munapeza mabanja 8 ndipo tiana tofika msinkhu ndi 12, ndiye kuti banja lililonse lalera mmodzi ndi theka. Nambala imeneyo ndi yomwe mudzayerekeze ndi ya chaka chamawa.

Koma chomwe ndingakupempheni koposa zonse ndi ichi: lembani msinkhu wa madzi ulendo uliwonse. Pezani mwala kapena chipilala chosasuntha, jambulani ndi foni mutaima pamalo omwewo, kapena khomani mtengo wolembedwa mizere ya penti. Chisa choyandama chimapirira madzi akakwera kapena kutsika pang'ono, koma Chitete ndi damu lomwe tauni ya Kasungu imamwako, madzi amapopedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mvula ikaleka amangotsika. Akaphwera kuchoka m'bango, chisa chimatsala pamatope, kholo silingathe kuyenda kukafikapo bwinobwino, galu ndi ng'ombe zimafika. Mvula yamphamvu ya usiku umodzi nayonso imatha kumiza chisa chomwe chamangika zolimba. Popanda nambala ya madzi, kope lanu lidzangonena kuti tiana tachepa, osanena chifukwa. Pambali pake lembani zina zomwe mwaona: bango ladulidwa kapena latenthedwa, dimba lafika m'mphepete mwa madzi, matchera kapena maneti a udzudzu atcheredwa pati. Mbalame yomira ikakodwa mu ukonde pansi pa madzi imafera momwemo. Ku Madagascar, pa nyanja ya Alaotra, kunali mtundu wina wa grebe wopezeka kumeneko kokha. Unaoneka komaliza mu 1985 ndipo mu 2010 analengeza kuti unatheratu, maukonde a nayiloni ndi nsomba zolusa zobwera nazo zili m'gulu la zomwe zinauthetsa. Wathuyu sali pangozi yotero, ngofala mu Africa, Europe ndi Asia, koma pa damu limodzi akhoza kusowa ndithu.

Musafulumirenso kulira maliro. Timbalameti timasamuka usiku, ndipo dzinja likadzaza madambo ndi timadamu ta m'maesiteti, tina timakaswera kumeneko n'kudzabwerera madzi akauma. Timathanso kuikiranso mazira oyamba akaonongeka. Choncho zaka ziwiri sizikwanira kugamula. Tsiku lomwe simunaone kalikonse lembani 0, osasiya tsamba lopanda kanthu, chifukwa mawa wina adzaganiza kuti simunapite.

Ngati kalabu ingapeze thiransipoti, kawerengeninso pa damu la Lifupa mu Kasungu National Park, kumene kulibe madimba ndipo kusodza n'koletsedwa. Nambala zikatsika konsekonse, ganizirani za mvula ya chakacho. Zikatsika pa Chitete pokha, yang'anani zomwe zikuchitika pa Chitetepo. Ku Lifupa kuli mvuu ndipo njovu zimabwera kudzamwa, ndiye muzikhala ndi msilikali wa m'paki, ana asamatsikire okha kumadzi.

Musanayambe pitani ku ofesi ya Central Region Water Board, omwe amayang'anira damuli, mukapemphe chilolezo, mwinanso angakuuzeni nambala zawo za msinkhu wa madzi. Zomwe mwapeza zisathere m'kabati ya ahedi. Tumizani ku Wildlife and Environmental Society of Malawi, omwe amagwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu, ndipo amene ali ndi bandulo alowetse pa eBird, tsamba la pa intaneti losungirapo mbalame zomwe anthu aona. Mu Januwale ndi mu Julaye mumachitika kalembera wa mbalame zam'madzi m'maiko ambiri a mu Africa, wotsogozedwa ndi Wetlands International, choncho miyezi iwiri imeneyo musaijombe, ndipo pa masiku amenewo muwerenge zonse, akakowa, atsekwe, mphipi ndi nkhwazi zomwe.