Mwandifunsa za America ndi China, ndiye mundipirire

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena omwe ndi anamwino ku Ohio ndipo tsopano ndi nzika ya America. Akufunsa ngati munthu wamba angachitepo kanthu kuti boma lake ndi la China azilankhulana bwino, m'malo momangolozana zala pa TV. Achemwali, apa mwandiponda pachilonda.

Mu July 2020 ndinali pasukulu ku Chengdu, mzinda wa ku China. America itatseka ofesi ya kazembe wa China ku Houston, China inabwezera potseka ya America ku Chengdu komweko. Ndinapita kukaonerera, chidwi chabe. Msewu unali thithithi, apolisi atatchinga, anthu atavala mamasiki akudzijambula ndi timbendera tofiira. Mnzanga wa ku America, amene ankaphunzitsa Chingerezi mumzindamo, anangokokera chipewa kumaso osayankhula kanthu. Madzulo tinakadya hotpot, chakudya chimene aliyense amadziphikira mumphika wa msuzi wowira patebulo, ndi mnzathu wa ku China yemwe ankafuna kukapitiriza maphunziro ku America. Awiriwa anakangana mpaka msuzi unaphwera mumphika. Uyu akuti ku Houston kunkachitika ukazitape, uyo akuti limenelo ndi bodza la Trump. Ine pakati, ndikungovuula nyama. Atatopa ndi pamene anazindikira kuti dandaulo lawo ndi limodzi: wina pasipoti ikatha, wina akafuna visa, ulendo ndi wa ku Beijing kapena Guangzhou. Akuluakulu amene anatseka zitsekozo palibe anakaima pamzere wa tikiti.

Mwezi womwewo Trump anathetsa pulogalamu ya Fulbright, yosinthana ophunzira ndi aphunzitsi, ku China ndi Hong Kong. A Peace Corps, anthu ongodzipereka otumizidwa ndi boma la America, nawo anachoka ku China chaka chomwecho.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti maboma awiriwa amadula foni pa nthawi imene foniyo ikufunika kwambiri. Nancy Pelosi, yemwe anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya America, atapita mu August 2022 ku Taiwan, chilumba chimene China imati ndi chake, China inaimitsa zokambirana za akuluakulu a asilikali. Mu February 2023 America inaombera chibaluni cha China kufupi ndi gombe la South Carolina, ndipo nduna ya chitetezo Lloyd Austin atafuna kuyankhula ndi mnzake wa ku Beijing, kumeneko anakana. Mayiko okhala ndi mabomba a nyukiliya, kumanyanyalitsana chonchi! Kwathu banja likafika povuta ndi pamene ankhoswe amathamanga. Awa akakwiya amayamba n'kupirikitsa ankhoswewo. Zinatengera Biden ndi mtsogoleri wa China Xi Jinping kukumana ku California mu November 2023 kuti asilikali ayambenso kuyankhulana.

Wina andikumbutsa za ping-pong, ndikudziwa. Mu 1971 pa mpikisano wa ping-pong (tenisi ya patebulo) ku Nagoya, Japan, wosewera wa ku America Glenn Cowan anakwera basi ya timu ya China, wosewera wa timuyo Zhuang Zedong n'kumupatsa nsalu yojambulidwa mapiri a Huangshan. Posakhalitsa timu ya America inaitanidwa ku China, ndipo mu February 1972 pulezidenti wa America Richard Nixon anatera ku Beijing. Nkhani yokoma, koma tisanamizane. Mao, mtsogoleri wa China nthawi imeneyo, ndi Nixon onse ankaopa Soviet Union ndipo anali akutumizirana kale mauthenga kudzera ku Pakistan. Osewerawo anangowapatsa poyambira mopanda manyazi. Komabe timu ya China itapita ku America mu 1972, amene anailandira ndi anthu wamba a National Committee on U.S.-China Relations, bungwe lomwe linayamba mu 1966 pamene maboma sankapatsana ngakhale moni. Akanadikira chilolezo cha andale, bwenzi panalibe wolandira alendowo.

N'chimodzimodzi ndi lonjezo la Xi loitana achinyamata a ku America 50,000 pa zaka zisanu. Muli kudzitsatsa kwa boma, inde. Ine ndimati apite ndithu, akafunse mafunso ovuta a Taiwan ndi Xinjiang, chigawo chimene China imadzudzulidwa kuti imazunzako Asilamu, ali konko.

Ndiye muchite chiyani?

Imbani ku ofesi ya phungu wanu wa ku Congress ndi maseneta anu awiri, tchulani zip code, pemphani chinthu chimodzi chooneka, monga kutsegulanso maofesi a Houston ndi Chengdu kapena kubwezeretsa Fulbright. "Tikufuna mtendere" salemba n'komwe. Fufuzaninso ngati mzinda wanu uli pa ubale ndi mzinda wina wa ku China, mulowe komiti yake. Koma musanasaine chikalata cha gulu lililonse lodzitcha la ubwenzi, funsani kaye amene amalipatsa ndalama.