Ndiyambire pati: zaupandu, zamalonda kapena Konsitityushoni?

Wophunzira wina wa chaka choyamba cha zamalamulo wanditumizira imelo. Akuti malamulo a zaupandu, a zamalonda ndi Konsitityushoni akuwaona ngati maphunziro atatu osagwirizana, ndipo mayina a milandu akungomulowa khutu ili n'kutulukira linalo. Funso lake ndi lakuti ayambire pati, ndipo aloweze chiyani.

Achimwene, yambani ndi gawo 5 la Konsitityushoni yathu ya 1994. Ndi lalifupi kwambiri. Limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi Konsitityushoni n'chopanda mphamvu, kulekeza pomwe chikutsutsanapo. Mukaligwira limeneli, muona kuti maphunziro atatuwo akumana pamalo amodzi.

Taonani mlandu wa Mayeso Gwanda. Bamboyu ankagulitsa majumbo, ndipo mu 2015 apolisi anamugwira mbandakucha mu Blantyre ali paulendo wokagulitsa malonda ake. Anamutsegulira mlandu wa vakabu pogwiritsa ntchito gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo la zaupandu lomwe tinalandira kwa atsamunda. Gawoli linkati munthu wopezeka mumsewu kapena pamalo ena pa nthawi ndi m'njira yopangitsa ena kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa, ndi wolakwa.

Tsopano tsegulani kope lanu la zaupandu. Aphunzitsi anakuuzani kuti mlandu umafuna zinthu ziwiri: actus reus, chomwe munthu wachita, ndi mens rea, maganizo omwe anali nawo pochita. Anakuuzaninso za Woolmington, mlandu wa ku England wa 1935, womwe unatsindika kuti udindo wotsimikizira khothi kuti munthu ndi wolakwa uli m'manja mwa boma. Gawo 42 la Konsitityushoni yathu likunenanso chimodzimodzi: munthu ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Nanga Gwanda anachita chiyani? Anayenda mumsewu kusanache. Choipa chonsecho chinali m'maganizo a wapolisi, ndipo wogwidwayo ndiye ankayenera kudziyeretsa. Tonse tikudziwanso kuti vakabu sinkagwira anthu a pagalimoto. Inkagwira mavenda ndi aliyense wooneka wosauka.

Pa 10 Januwale 2017 Khothi Lalikulu linagamula kuti gawolo ndi losemphana ndi Konsitityushoni. Chomwe ndikufuna muwerenge mofatsa si chigamulo chomaliza ayi, koma njira yomwe majaji anayenda. Poyamba amafunsa ngati ufulu waphwanyidwa, monga ulemu wa munthu ndi ufulu woyenda. Akapeza kuti inde, amapita ku gawo 44 kukaona ngati kuchepetsa ufuluko kuli kololedwa: kodi kwalembedwa m'lamulo, ndi koyenera, kukugwirizana ndi mfundo za ufulu wachibadwidwe zomwe mayiko amavomereza, ndiponso ndi kofunikadi m'dziko la demokalase? Ophunzira ambiri pamayeso amalemba bwino sitepe yoyamba n'kuiwala yachiwiri, pomwe mamalikisi ambiri ali kumeneko. Ufulu wambiri ungathe kuchepetsedwa, ndipo mkangano weniweni umakhala pa malire ake.

Mukamaliza, werengani mlandu wa Kafantayeni wa 2007. Kale munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, jaji analibe chosankha koma kumulamula kuti akanyongedwe. Khothi linati kukakamiza jaji chonchi, osamulola kumva zochepetsa chilango, n'kosemphana ndi Konsitityushoni. Samalani apa: khothi silinathetse chilango cha imfa. Linangothetsa kukakamizako. Mukasokoneza ziwirizi, wochonga mayeso adziwa msanga kuti mlanduwo simunauwerenge nokha.

Zamalonda zimayenda mosiyanako. Kumeneko sikukhala boma ndi nzika, koma anthu awiri opangana mwaufulu, ndipo umboni wake sufunika kulemera ngati wa zaupandu. Khothi limangoona mbali yomwe nkhani yake ikuoneka yoona kuposa inzake. Gwirani kaye zinthu ziwiri. Choyamba, pangano limakhala lomanga pamene wina wapereka ganizo, mnzake walivomera, aliyense waikapo kanthu, ndipo onse akufuna kuti lamulo liwamange. Chachiwiri ndi mlandu wa Salomon wa 1897: kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, choncho ngongole zake si za eni masheya. Aron Salomon anali wopanga nsapato yemwe anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Itagwa, okongoza anafuna kuti alipire ndi chuma chake, koma House of Lords, khothi lapamwamba kwambiri la ku England pa nthawiyo, inakana. Companies Act yathu ya 2013 yaimanso pa mfundo imeneyi.

Za kuloweza, musadzivutitse ndi mayina ambirimbiri. Pa mlandu uliwonse lembani mizere inayi m'mawu anu: chinachitika n'chiyani, khothi linafunsidwa chiyani, linayankha bwanji, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Mzere wachinayiwo ndiwo ratio decidendi. Zigamulo zambiri za makhothi athu zili pa tsamba la intaneti la MalawiLII kwaulere, ndiye sabata ino tsitsani cha Gwanda muchiwerenge chonse, osadalira manotsi a mnzanu.