Erwerben si kugula nthawi zonse

Funso: Aphungu, ndine namwino ndipo ndikuphunzira Chijeremani chifukwa ndikufuna kukagwira ntchito ku Germany. Mnzanga amene ali kale kumeneko ananditumizira kalata ya kusukulu yake kuti ndiyesere kuimasulira m'Chingerezi. Munalembedwa kuti "Sie hat den Abschluss erworben". Dikishonale inandipatsa "buy", ndiye ndinalemba "She bought the qualification". Iye wakhumudwa, akuti ndamunyoza. Ndalakwa pati?

Yankho: Achemwali, mnzanuyo sakukokomeza. Kunena kuti munthu anagula satifiketi, kaya m'Chichewa kaya m'Chingerezi, ndiye kuti mwamutchula wachinyengo. Pomwe Chijeremanicho chikungonena kuti anakhoza maphunziro ake, satifiketi n'kukhala yake. Munayenera kulemba "She obtained the qualification", kapena "earned" m'malo mwa "obtained".

Kugula kwa tsiku ndi tsiku, buledi, sopo, nsapato, ndi kaufen. Erwerben, kumene kwachokera erworben wa m'kalatayo, ndi mawu a m'makalata a boma, a m'malamulo ndi a m'mabuku, ndipo amatanthauza kuti chinthu chakhala chako, kaya walipira ndalama kaya wakhetsera thukuta. Apa Chichewa chathu chikuthandizani kuposa dikishonale. Ganizani za "kupeza". Timati wapeza malo, wapeza ntchito, wapeza nzeru, ndipo palibe amene amafunsa kuti mwagula zingati nzeruzo. Mukakumana ndi erwerben, muyambe mwaika "kupeza" m'mutu, kenako mudzifunse kuti chapezekacho n'chiyani, ndipo chapezeka bwanji.

Ngati ndi nyumba, malo kapena masheya a kampani, ndalama zatuluka ndithu, choncho "purchase" kapena "acquire" ndi oyenera. N'chifukwa chake msonkho umene wogula malo kapena nyumba amalipira ku Germany umatchedwa Grunderwerbsteuer. Mjeremani akafuna kutsindika kuti chinthu n'chogulitsa amawonjezera mawu ena, amati käuflich erwerben. Koma Kenntnisse erwerben ndi "acquire knowledge" kapena "gain knowledge", ndipo den Führerschein erwerben ndi "obtain a driving licence". Mukalemba "buy" pa laisensi ya galimoto mwabwereza cholakwa chija.

Pa ntchito yanu ya unamwino mawuwa mudzakumana nawo m'mafayilo a odwala. Madokotala amasiyanitsa matenda obadwa nawo, angeboren, ndi matenda amene munthu wachita kuwatenga atabadwa kale, erworben. Dzina la Edzi m'Chijeremani ndi erworbenes Immunschwächesyndrom, ndipo erworben ameneyu ndi yemwe uja "acquired" wa m'dzina la Chingerezi. Namwino wosadziwa kusiyana kumeneku akhoza kumva molakwika mbiri ya wodwala, ndipo imeneyo si nkhani yaing'ono.

Pali mawu ena a mtundu womwewu amene ndikupemphani muwagwire msanga, Erwerbstätigkeit. Sakhudza kugula ngakhale pang'ono. Ndi ntchito yopezera ndalama. Amalembedwa pa viza ndi pa chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndipo "Erwerbstätigkeit nicht gestattet" ikutanthauza kuti simukuloledwa kugwira ntchito yolipidwa. Muziwerenga mzere umenewu musanavomere ganyu aliyense.

Erwerben amasinthanso mkati: er erwirbt, er erwarb, er hat erworben. Ophunzira ambiri akaona erwirbt amaganiza kuti ndi mawu ena. Lowezani atatuwa pamodzi, chifukwa madera ambiri a ku Germany amafuna Chijeremani cha mlingo wa B2, wachinayi mwa milingo isanu ndi umodzi yoyezera luso la chinenero, kuti namwino wochokera kunja avomerezedwe, ndipo pa mlingo umenewo zolemba zimadzaza ndi mawu oterewa.

Ine sindiimba mlandu dikishonale yanu, "buy" alimodi. Vuto n'kutola tanthauzo loyamba n'kutseka buku. Zolowerani kutsegula Duden, dikishonale ya Chijeremani yomwe ili pa intaneti mwaulere, n'kuwerenga ziganizo za zitsanzo musanasankhe mawu a Chingerezi. Komanso makalata amene mudzapereke ku maofesi a ku Germany musadzamasulire nokha, ngakhale Chijeremani chanu chitakhwima. Maofesiwo kawirikawiri amafuna womasulira wolumbirira, amene amadinda chidindo chake.

Kalata ya mnzanuyo ibwerezeni lero, mumutumizirenso, ndipo mumufotokozere pamene dikishonale inakusocheretsani.