Ng'oma ya agogo ilibe dzina, anaipanga ndani?

Mayi wina wa ku Mufakose wanditumizira imelo ndi zithunzi zitatu. Akuti pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo, amene anachoka ku Machinga mzinda uno wa Harare ukadali Salisbury, apeza ng'oma ya snare, ija yokhala ndi nsambo pansi pake, itakulungidwa m'chiguduli. Agogowo ankaiimba ku beni. Thunthu lake ndi lachitsulo, kukamwa mainchesi 14, koma dzina palibe paliponse. Mwana wawo akuti mwina ndi Ludwig ya ndalama zambiri, ndiye akufuna kudziwa amene anaipanga.

Mayi, poyamba ndikupempheni: musaikweche ndi sitiliwulo, musaipake penti, ndipo musapite nayo ku Magaba, kwa amisiri a zitsulo a ku Mbare, kuti akaiwotcherere. Amisiri a kumeneko ntchito amaidziwa, koma umboni umene tikufuna uli m'dzimbiri momwemo.

Za Ludwig zija, pepani, mtima wanga ukukana. Onani mitu ya masikuluu okungira chikopa. Pa zithunzi zanu ili ndi kamng'alu pakati, ngati kolowetsapo sikuludiraiva. Makampani a ku America monga Ludwig, imene inayamba ku Chicago mu 1909, kapena Slingerland ndi Gretsch, kawirikawiri ankapanga mitu ya ngodya zinayi. Kamng'alu kaja ndi chizolowezi cha ku Ulaya, makamaka Premier, imene inayamba ku London mu 1922, ngakhale Sonor ya ku Germany nayonso inkatero. Mbiri ya kuno ikuvomereza. Nthawi ya atsamunda, mabandi a apolisi, a asilikali a King's African Rifles ku Zomba ndi a matchalitchi ankadalira zida za ku Britain. Beni weniweniyo anabadwa potsanzira mabandi a asilikali, ndipo chida chikatha ntchito ku bandi sichinkasowa manja ochilandira ku komboni.

Komatu kunena kuti Britain sikutha nkhani. Kunali Premier ndi mng'ono wake wotchipa Olympic, kunali Ajax ya Boosey & Hawkes, Carlton, Beverley ndi John Grey. Chowasiyanitsa ndi tizitsulo ta m'mbali. Yambani ndi kachogwirira kamene kamakunga ndi kumasula nsambo za pansi pa ng'oma, kamene oimba amati strainer. Kampani iliyonse inali ndi kapangidwe kake, ndipo ena ankadinda dzina pomwepo. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi mafuta a mashini osokera, muunike ndi tochi chopendekera. Kenaka pitani pa kabowo kotulukira mpweya. Baji ya dzina la kampani nthawi zambiri inkakhala pamenepo, ndipo ikagwa imasiya timabowo ta misomali kapena chithunzithunzi chake, poti pansi pa baji chitsulo sichida ngati pena ponse. Maonekedwe a chithunzithunzicho mungawafananize ndi makatalogi akale amene anthu anaika pa intaneti.

Werengani timatumba tolowamo masikuluu aja: 6 nthawi zambiri ndi ng'oma yotchipa, 8 kapena 10 ndi yapamwamba. Maginito akakana kumata pa thunthu, ndiye kuti sichitsulo wamba, mwina ndi mkuwa wokutidwa. Mukaona kachizindikiro konga mutu wa muvi, inali katundu wa boma la Britain.

Chikopa chisakunamizeni. Zikopa za pulasitiki zinafala kuyambira 1957 ndi kampani ya Remo, koma chikopa chimasinthidwa ngati nsapato. Chimene chilipocho chikuoneka cha mbuzi, ndipo sindingadabwe ngati anachikunga ndi agogo anu omwe.

Apa ndi pamene pamandivuta ndi ng'oma za beni. Zayenda m'migodi ndi m'mafamu, zagwa pa lole, zakonzedwa ndi chilichonse chimene chinalipo. Ndinaonapo ina ku Mbare, mkombero wa kampani ina, strainer ya kampani ina, sikuluu imodzi ya njinga. Choncho mukaona mabowo opanda ntchito pafupi ndi strainer, dziwani kuti imene ilipoyo ndi yobwera, ndipo dzina lodindidwa pamenepo si la ng'omayo. Zikatero timayeza mtunda wa pakati pa mabowo akalewo.

Ine ndikuikayikira banja la Premier, koma sindilumbira ndisanaone m'kati. Masulani chikopa cha pamwamba pang'onopang'ono, masikuluu muwasunge m'kambale, mujambule m'kati monse ndi strainer chapafupi. Ndipo ngati alipo akuluakulu amene ankavina ndi agogo, atengereni ng'omayo aione. Mwina wina akukumbukira bandi imene inachokera.