Laputopu ikukana draiva ya sound, kodi yapsa?

Achimwene ena a ku Area 25 andilembera imelo kuti laputopu yawo ya HP sikutulutsa mawu, akati ayike draiva (kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa chipangizo) ya Realtek, kampani yopanga tizipangizo ta mawu, ikumafika pakati nkulemba kuti failure, ndiye akufunsa ngati sound card, kachipangizo ka mawu ka mkati mwa laputopu, yapsa. Achimwene, musanapereke ndalama kwa wina aliyense tamverani kaye, nkhani imeneyi imandipweteka mtima.

Kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Kawale tinasonkherana ndalama kuti tigule laputopu yojambulira nyimbo, ndipo ambiri mwa osonkhawo anali azimayi ogulitsa kaunjika ku Tsoka, ena ogulitsa mandasi, ndalama yothetsa thukuta. Tinakagula ku Old Town, ya ex-UK, yooneka bwino ndithu, wogulitsayo nkuifomata pompo ife tikuona. Kufika nayo ku practice, zii. Pa kasipika kaja pakona pali ka X kofiira. Tinapita nayo kwa wokonza wina, sanaitsegule nkomwe, anangobaya fulashi yake, kudikira pang'ono, basi akuti motherboard, bolodi lalikulu la mkati, yapita mubweretse ndalama tisinthe. Amayi a tcheya atamva anangokhala chete, ndipo ine chimene chinandiwawa nchoti anayamba kudziimba mlandu okha kuti anaononga ndalama za anthu.

Koma palibe chinapsa. Windows imene wogulitsa uja anatiikira inali ija yodulidwadulidwa amati lite, anthu amachotsamo zinthu kuti izithamanga pa makina akale, ndiye pochotsapo amadula ndi zina zomwe draiva ya sound imadalira. Titaika Windows yathunthu nkutenga draiva pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopuyo, inayankhula tsiku lomwelo.

Nde ine ndinene mosabisa, chizolowezi chofomata makina onse ndi fulashi imodzi chikuononga zinthu za anthu muno mu Lilongwe. Dell, Lenovo, HP, zonse kumwetsa mankhwala amodzi ngati matenda ndi amodzi. Sikuti okonza onse ndi otero ayi, alipo anyamata odziwa ntchito zedi, koma amene amathamangira kunena kuti yapsa asanatsegule ndi Device Manager yomwe, malo a mu Windows oonetsa zipangizo zonse za makina, akulakwira anthu. Ndipo timapulogalamu tija timati timasaka tokha madraiva onse, ine sindimatifuna olo pang'ono, timaika draiva yongofanana nayo osati yeniyeni, kenako yeniyeniyo ikabwera imapeza malo atatengedwa kale nkukana kulowa.

Komanso tisaiwale za intaneti yathuyi. Mafailo a Realtek ena ndi akuluakulu, bandulo ikathera pakati kapena netiweki ikadukaduka failo imatha kubwera yoperewera, pa maso ikuoneka ngati yatha koma poinsitola ikukana. Ena mpaka pano akukakamira Windows 7, pomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, ndipo Windows 10 nayo anaisiya mu October 2025, ndiye draiva yatsopano pa Windows yakale kapena ya 64-bit pa Windows ya 32-bit sizingagwirizane, mungayese mpaka kucha.

Nanga inu mupange chani

Tsegulani Device Manager, pitani pa Sound, video and game controllers, muonenso pa Other devices ngati pali kachizindikiro kachikasu. Code 28 ikutanthauza kuti draiva palibe, Code 10 ndiye kuti chipangizocho chikulephera kuyamba, kawirikawiri draiva ndi yolakwika. Pa chipangizo cha mawucho dinani Properties, Details, kenako Hardware Ids. Mukaona VEN_10EC ndi Realtek zoona, koma mukaona 14F1 imeneyo ndi Conexant, ndipo ma HP ambiri akale ali ndi Conexant kapena IDT, makampani enanso a tizipangizo ta mawu, mwina mukukakamiza Realtek pomwe mulibe. Chotsani draiva yakaleyo ndi Uninstall device, muchonge kabokosi kofufutiratu draivayo, muzimitse laputopu nkuyatsanso. Kenako tembenuzani laputopu, pansi pali serial number, ilembeni pa webusaiti ya HP mutenge draiva ya makina anu enieniwo, muyambe ya chipset kenako ya audio. Ikakanabe, pa Update driver sankhani nokha High Definition Audio Device, ya Microsoft yomwe imabwera ndi Windows, nthawi zambiri mawu amatuluka. Muonenso mu services.msc (lembani dzinali posakira pa Start) ngati Windows Audio ikuyenda.

Zonsezi zikakanika yesani kuyatsa Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta mmalo mwa Windows, kuchokera pa fulashi osainsitola. Mawu akatuluka mmenemo ndiye kuti sound card ili bwinobwino, vuto ndi Windows yanuyo, ikaniponi ina yathunthu. Mundilemberenso mundiuze zomwe zalembedwa pa Hardware Ids paja.