Mwandifunsa: "Ndikumva ngati ndili ndi machende atatu, zimatheka?"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa zaka 24, dzina sinditchula monga anapemphera. Akuti kuyambira ali mnyamata amamva kanthu kozungulira mbali ya kumanzere, pamwamba pang'ono pa tchende, sikapweteka ayi, koma pano akufuna kukwatira ndiye mtima suli m'malo. Akufunsa ngati munthu angabadwe ndi machende atatu, komanso ngati adzabereke.

Achimwene, zikomo kwambiri kuti mwalimba mtima n'kulemba. Nkhani imeneyi ine imandikhudza chifukwa amunafe zinthu za kumusiku timangozisunga mumtima mpaka zitafika poipa.

Eya, zimatheka ndithu. Madokotala amati polyorchidism. Zimayambira munthu ali m'mimba mwa mayi ake, mimba ikadali ya masabata ochepa, pomwe kamnofu kamene kamadzasanduka tchende kamagawika, ndiye mbali imodziyo kumapangika awiri m'malo mwa limodzi. Kawirikawiri lachitatulo limakhala laling'ono ndipo limapezeka kumanzere ngati mmene mukunenera inuyo. Dokotala wa ku Britain Arbuthnot Lane analemba za munthu wotere mu 1895 atamupanga opaleshoni, koma mpaka lero anthu amene analembedwa m'mabuku a zachipatala padziko lonse ndi pafupifupi 200 okha basi. Ndiye mukuona nokha kuti n'zosowa kwambiri.

Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse bwino. Zala sizingakuuzeni kuti kanthuko ndi chani, olo mutakagwira tsiku lililonse, chifukwa pali zinthu zingapo zofala kwambiri zomwe zimamveka chimodzimodzi. Kumbuyo ndi pamwamba pa tchende lililonse kuli kanjira kopiringizika kotchedwa epididymis komwe mbewu ya abambo imakhwimira, ndipo pamenepo pamatha kumera kathumba ka madzi kozungulira, kosalala, kosapweteka, kamene kamatha kukhala zaka ndi zaka osavuta munthu. Mmene mwafotokozera, malo ake komanso kutalika kwa nthawi, ine maganizo anga akupita kumeneko poyamba, ngakhale kuti pa imelo palibe angatsimikize. Palinso varicocele, kutupa kwa mitsempha ya magazi, imamveka ngati tinyongolotsi tapiringizana makamaka munthu akaimirira, amuna pafupifupi 15 pa 100 aliwonse ali nayo ndipo nayonso imakonda kumanzere. Ndiye pali phudzi, lomwe mwina amakhala madzi adzadza mozungulira tchende, mwina matumbo atsikira kuthumbako kudzera pa kampata ka m'mphechepeche.

Koma chimene chikundipangitsa kuti ndisakuuzeni kuti khalani phee ndi khansa. Khansa ya machende imagwira kwambiri anyamata ndi abambo a zaka 15 mpaka 35, msinkhu wanu womwewu, ndipo kuipa kwake nthawi zambiri siipweteka, munthu amangomva kam'bulu kolimba ngati kamwala pa tchende penipenipo kapena tchende limodzi kulemera n'kumakula, ndiye poti palibe ululu amangoti zitha zokha, miyezi n'kumapita. Sindikunena kuti ndi zimene muli nazo, kanthu kamene kakhala zaka zambiri osasintha nthawi zambiri sikakhala khansa. Komanso dziwani kuti khansa imeneyi ndi imodzi mwa zochizika kwambiri, ikapezeka msanga n'kulandira chithandizo anthu opitirira 9 pa 10 amachira.

Ndiye pitani kuchipatala akakuyezeni, ndipo mukapemphe sikani ya ultrasound. Sabaya, sacheka, amangopaka timafuta n'kuyendetsa kachipangizo pamwamba pa khungu mphindi zochepa, pakanema pamaoneka ngati ali madzi, mitsempha, chotupa kapena tchende lenileni. Ngati manyazi akukugwirani pemphani dokotala wachibambo, palibe cholakwika, koma musabwerere pakhomo. Mukawauze kuti munayamba kukamva liti, ngati kakukula, komanso ngati muli mwana tchende lina linachedwa kutsika, mwina makolo angakumbuke, zimenezo n'zofunika chifukwa tchende losatsika limakhala pachiopsezo chachikulu cha khansa.

Nanga akapeza kuti alidi atatu? Ngati lachitatulo lili m'thumba bwinobwino ndipo pasikani likuoneka labwino, madokotala ambiri salichotsa, amangoti muzibwera kudzaonedwa nthawi ndi nthawi. Amaganiza za opaleshoni ngati lili m'mphechepeche kapena m'mimba, kapena ngati likukayikitsa. Pa zobereka musade nkhawa kwambiri, ambiri otere amabereka ngati wina aliyense, pajatu ngakhale tchende limodzi lokha labwino limakwanira kupereka mimba. Koma kukhala nawo atatu sikuonjezera mphamvu kuchipinda ngati mmene ena amanenera, limenelo ndi bodza. Ngati mtima ukuvutabe, akhoza kuyeza umuna wanu n'kuona kuchuluka kwa mbewu ndi mmene ikuyendera.

Chinthu chimodzi chimene sindikufuna muiwale, inu ndi aliyense akuwerenga, ndi ululu wadzidzidzi. Tchende limatha kupotokola pamtsempha wake magazi n'kusiya kufika, ululu wake umakhala woopsa, ena mpaka kusanza, ndipo lija limaoneka lakwera m'mwamba. Anthu a machende atatu zimenezi zimawachitikira mosavuta kuposa ena. Pamenepo musamwe panado n'kugona kuti muone mawa, nthawi yopulumutsira tchendelo ndi maola pafupifupi 6 okha, thamangani kuchipatala olo pakhale pakati pa usiku.

Pakadali pano muzidziyeza kamodzi pamwezi mukangomaliza kusamba madzi ofunda, khungu likafewa. Gwirani limodzilimodzi pakati pa chala chachikulu ndi zinazo, muziligudubuza pang'onopang'ono. Lina kulendewera pansi kuposa linzake kapena kukulirapo pang'ono n'zachibadwa, musadabwe nazo. Mukapita kusikaniko mudzandilemberenso zomwe apeza, ndikhala ndikudikira imelo yanu achimwene.